Sewero la abambo atatu oyandikira zaka 50, kwathu kuno bwanji sitipanga zoterezi?

Mkamwini_waBembeke:

Moni nonse. Ndili ndi funso koma mundipirire ndiyambe ndafotokoza kaye, apo ayi muona ngati ndayamba kubwebweta. Mlamu wanga wa ku Joni atabwera pa Khrisimasi anandisiyira fulashi yodzadza mafilimu a nkhonya ndi mfuti omwe ine sandipatsa chidwi, koma pakati pake ndinapezamo sewero lina la ku America lotchedwa Men of a Certain Age. Ndi lakale ndithu, linayamba pa kanema wa TNT mu December 2009 n'kutha mu 2011, masizoni awiri okha, maepisodi 22. Analipanga ndi Ray Romano ndi mnzake Mike Royce, Romano yemwe uja wa Everybody Loves Raymond kwa amene munaionerako.

Nkhani yake ilibe zozizwitsa, palibe wophulitsa bomba, palibe wothamangitsana ndi apolisi. Ndi abambo atatu basi amene anadziwana ali ku koleji ndipo pano zaka 50 zili pakhomo. Joe ali ndi shopu ya zinthu zokongoletsera maphwando, mabaluni ndi zina zotero, banja lake lasokonekera, ankalota zodzakhala katswiri wa gofu koma zinakanika, nde ali ndi vuto la njuga, amabetcha mobisa uku akuyesayesa kusiya. Owen ndi wonenepa, ali ndi shuga, amagulitsa magalimoto pa kampani ya bambo ake omubereka ndipo madalawo amamuzazira pamaso pa antchito ngati kamwana, munthu wa mkazi ndi ana ake. Terry anali wa zisudzo koma ntchito zinasiya kubwera, sanakwatire, amangoyenda ndi atsikana oti akanakhala ana ake. Amene amasewera Owen ndi Andre Braugher, uja anali bwana wa apolisi mu Brooklyn Nine-Nine, anamwalira mu December 2023, nde poonera pena zimandikhudza kuti munthu ndikumuseka akulimbana ndi thanzi lakeyu kulibenso.

Chimene amachita atatuwa n'kukumana pa lesitilanti imodzimodzi, kudya, kunyozana, m'mawa kukwera kaphiri uku Owen ali wefuwefu kumbuyo. Pali episodi ina amapita limodzi ku Palm Springs kukapimitsa matumbo, zija amalowetsa kakamera kumbuyo kuti aone ngati muli khansa, iwo n'kuusandutsa ulendo wokasangalala, ndinaseka mpaka mayi a kunyumba anadzuka kudzafunsa ngati ndili bwinobwino. Koma m'kati mwa nthabwalazo amauzana zoona. Wina akamanama anzakewo amamuuza pamaso kuti aise ukunama, ndipo mawa lake amakumananso.

Nde funso langa lili pawiri. Choyamba, bwanji kwathu kuno palibe amene anaganiza zopanga sewero la pa TV la abambo a msinkhu umenewu? Zathu zimakhala za achinyamata ndi zibwenzi, apongozi olimbana ndi mkazi wa mwana wawo, asing'anga, kapena bambo woledzera woti tiphunzirepo. Bambo wa zaka 48 amene sali woipa komanso sali mngelo, wangotopa ndi fizi, feteleza ndi msana, simungamuone. Chachiwiri ndi chimene chikundivuta kwambiri, kodi ifeyo anzathu otere tili nawo? Ine anthu ocheza nawo ndili nawo ambiri, a kusukulu komwe ndimaphunzitsa, a ku tchalitchi, a ku mpira. Gulupu ya WhatsApp ya amene tinalemba nawo MSCE ilipo koma imadzuka pakagwa maliro, aliyense RIP, kutumiza K5,000 pa Mpamba, kenako zii mpaka wina amwalirenso. Woti ndingamuuze kuti akulu, loni yandipanikiza malipiro akungotsala a sopo, kapena kuti usiku ndikumadzuka kangapo kukakodza ndipo ndayamba kuopa, ameneyo sindikumuona. Ndi ine ndekha kapena ndi mmene tilili tonse?

Ngozo wa pa Kampepuza:

Kkkkk omkamwini, mwaonera za azungu mwayamba kudzimvera chisoni. Anzanu muli nawo, kungoti mukufuna akhale a mu TV okhala pa lesitilanti n'kumauzana za mumtima uku akumwa khofi. Ife sitichita choncho ndipo ine sindikuona cholakwika.

Mudzabwere pa Kampepuza madzulo ena mudzaone pa bawo kuseri kwa matiyirumu. Pali madala amene takhala pa benchi yomweyo kuyambira nthawi ya Bakili, wina wopala matabwa, wina anapuma ku polisi, wina amapikula kachewere ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Blantyre, ine wa geni yanga ya masipeyala a njinga. Tikakumana palibe wofunsa mnzake kuti mumtima muli bwanji. Ndi kutakata basi, kudyerana nkhomo, kunyozana za Maule ndi Manoma, wa polisi uja kumanama za akuba amene anawagwira yekha ndi ndodo, nkhani yomweyo chaka chino akubawo anali atatu chaka chamawa akhala seveni. Koma chaka china mnzathu wa kachewere uja anagwa nayo, anatenga katapila kuti alime yekha m'malo mopikula kwa alimi, mvula inachuluka chiwawu n'kupsereza munda wonse. Tonse tinamva, pa Kampepuza nkhani siigona. Iye anabwera pa bawo atavala jekete lake lomwe lija ngati palibe chachitika, ife osamufunsa olo liwu limodzi. Chimene chinachitika n'chakuti tiyi wake ndi sikono wina ankangolipira mwakachetechete akamanyamuka, wa matabwa anatenga mnyamata wake wamkulu kuti azimuthandiza ku shedi n'kumamupatsa kangachepe, wa polisi anapita yekha kwa mwini katapila uja kukamukumbutsa kuti chiwongola dzanja chimene akuwerengeracho boma likachimva zimuvuta. Kwa ine anali ndi ngongole ya matayala awiri ndi tcheni, ndinangong'amba pepalalo m'kope. Mpaka lero sitinakambepo ndipo iye sanathokozepo, akanathokoza bwenzi tonse titachita manyazi. Nde mundiuze kuti umenewo si ubwenzi chifukwa choti palibe analira paphewa pa mnzake?

Komanso musaiwale kuti akulu anati mwamuna mnzako ndi pachulu, umalinga utakwerapo. Ukamuuza mnzako kufooka kwako lero, mawa mukakangana pa malire a dimba kapena pa udindo wa ku tchalitchi, chida chake chikhala chomwecho. Anthu a ku America aja akasiyana pa lesitilanti aliyense amalowa galimoto yake n'kupita dera lake, akazi awo mwina mwezi umatha osaonana. Ife mkazi wa mnzako ndi mkazi wako amatunga pa mjigo umodzi.

Za sewero tinali nalo kale ife, Izeki ndi Jakobo. Amuna awiri okangana tsiku ndi tsiku, kupusitsana, kuchenjererana, koma wina osayenda popanda mnzake. John Nyanga (Izeki) anatisiya mu 2016, Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021, ndipo chichokereni iwowa sindinaone awiri ena oti ukangowaona atayima limodzi umayamba kuseka asanatsegule pakamwa.

Nachisale_Lizulu:

Pepani ndilowerere ngakhale nkhaniyi mwaiika ngati ya abambo okhaokha. A Ngozo nkhani yanu ya pa bawo ndi yokoma ndipo sindikutsutsa kuti munamuthandiza mnzanuyo, koma mwasankha vuto looneka. Munda ukapsa aliyense amauona ali pa msewu. Nanga zimene sizioneka?

Bambo a kunyumba kwanga ali ndi anzawo a pamtima, amati ndi abale enieni, anakulira limodzi kuno ku Lizulu, Loweruka lililonse amawoloka msewu kupita mbali ya Mozambique kukamwa limodzi, wina akasowa amamuimbira foni mpaka apezeke. Munthu anayamba kuonda, ludzu losatha, botolo la madzi pambali pa bedi, usiku kutuluka panja kosalekeza, kabala kakang'ono pa chala cha kuphazi miyezi osapola. Ine kuyankhula kuti bambo tiyeni kuchipatala, yankho n'lakuti ndangotopa ndi ntchito. Anzawo aja ankaona ndithu lamba akumuboola mabowo atsopano, mukudziwa zimene ankanena? Ati akulu mwayamba jimu eti, wina ati alamu akukumanani nsima. Kuseka, n'kuwaguliranso ina yozizira. Tsiku limene anagwa pa msika tikutsitsa matumba a kabichi ndi pamene tinakamva ku chipatala cha boma ku Ntcheu kuti ndi shuga ndipo wakwera moopsa, BP nayonso. Atatuluka mmodzi mwa anzawowo anabwera kudzazonda, ine ndili kukhitchini ndikumva akunong'ona kuti inenso paja ndimamwa mapiritsi a shuga, chaka chachitatu chino. Chaka chachitatu! Munthu amakhala nawo pa tebulo limodzi Loweruka lililonse, zizindikiro zonse akuzidziwa chifukwa anadutsamo, osatsegula pakamwa kuti mnzanga kayezetse. Ndinatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja ndikunjenjemera ndi mkwiyo, ulemu wokha ndi umene unandigwira.

Ife amayi sikuti ndife angelo, miseche tili nayo ndipo ku banki mkhonde timakangana mpaka kulandana mapoto. Koma mnzako akabwera pa benchi ya tomato maso ali ofiira sudikira kuti munda wake upse kaye, umamukokera kuseri n'kumufunsa kuti iwe chavuta n'chiyani, akakana umamufunsanso mawa. Abambo mumati mwamuna salira, chabwino, nde tamverani malipoti a apolisi pa wailesi akamanena za anthu odzipha, ambiri mwa iwo ndi abambo, ndipo zifukwa zake zimabwerabwera zomwezo, ngongole ndi za m'banja. Pa maliro pake anzake a pa bawo omwewo ndi amene amanyamula bokosi n'kumati sitinadziwe, dzulo lomweli timaseka naye.

Ine sewerolo ndikanalifuna, koma alembe munthu wolimba mtima, asawakometse abambowo. Aonetse mmene amathera maola akukangana za penate ya Arsenal pamene aliyense m'thumba muli kalata ya kusukulu yoti mwana abwerera fizi. Ndipo aikemo akazi awo ngati anthu, osati mayi wolongolola wodikira pakhomo ndi mthiko m'manja, amene uja tinatopa naye.

Wazisudzo_DedzaBoma:

Funso loyamba lija ndiyankheko poti ndakhalako m'zisudzo kuyambira nthawi ya mipikisano ya zisudzo ya ATEM ku sekondale mpaka timagulu ta pa boma pano tochita masewero m'misika. Nkhani ndi ndalama basi, luso lilipo. Amene amalipira sewero kuno nthawi zambiri ndi bungwe, ndipo bungwe limabwera ndi uthenga wake m'manja, Edzi, katemera, maukwati a ana, nkhanza za m'banja, kubzala mitengo. Olo Tikuferanji imene tinkaithamangira tonse, kumbuyo kwake kunali bungwe la ADRA ndipo cholinga chinali kuphunzitsa, kungoti Manganya, a Michael Usi omwe aja anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2024, anali ndi luso loti umaiwala kuti ukuphunzitsidwa. Mu sewero la uthenga bambo wa zaka 50 ntchito yake imadziwika kale, ndi amene akukana kukayezetsa, ndi amene akukwatitsa mwana wa sukulu, pomaliza amagwada n'kunena kuti ndazindikira kulakwa kwanga, anthu kuwomba m'manja, aliyense kwawo. Tsono iwe upite ku ofesi ya bungwe ndi pepala loti ndikufuna kujambula abambo atatu amene akungocheza, palibe akusintha khalidwe, palibe phunziro pamapeto, akufunsa kuti nde ife tikalemba chani mu lipoti kwa amene anatipatsa ndalama?

Ukasiya mabungwe n'kupita ku makampani, iwo amafuna achinyamata chifukwa ndi amene amagula bandulo ndi zakumwa. Ukapita ku ma TV athu nthawi zambiri amayembekezera kuti ubwere nalo lopangapanga pamodzi ndi sponsa wako. Kumbukiraninso kuti TV kuno ndi ya dzana, TVM inayamba mu 1999, pamene anzathu a ku America anali atapanga masewero zaka makumi angapo mpaka kutopa ndi nkhani za apolisi n'kuyamba kufufuza zina. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, nde owonera ako ndi angati? Kamera, malaiti, maikolofoni, zonsezo n'zoitanitsa kunja, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake inangouluka. Ndipo musaganize kuti ku America zinali zophweka, sewero mukunenalo linapata mphotho ya Peabody, atolankhani ankaliyamikira, koma owonera anali ochepa TNT n'kulidula mu 2011. Ngati kumeneko linafa ndi njala, kuno?

Ine ndimaona kuti malo ake enieni ndi wailesi. Pamajiga, Kapalepale, Sewero la Sabata Ino, anthu ankasiya nsima ikuzizira kuti amvere, ndipo pa wailesi sufuna malaiti, umafuna mawu atatu oti munthu aziwasiyanitsa ndi wolemba amene amamvetsera mmene madala amayankhulira. Apo ayi timavidiyo ta mphindi 10 pa Facebook ndi YouTube, foni yabwino imodzi ikukwana. Nditati ndilembe ine, ndingaike mphunzitsi wa pulayimale amene watsala pang'ono kupuma pa 60 koma nyumba yake inaima pa mawindo kalekale udzu unamera m'kati, dalaivala wa thiraki amene anabwerako ku Joni ndi sutikesi yokha koma amayankhulabe ngati ali ndi marandi ku banki, ndi mkulu wa mpingo amene amasewera njuga ya kandege pa foni usiku mkazi akagona. Ndiwaike pa chiwaya cha tchipisi pa siteji ya maminibasi mu June chifunga chitatsika m'phiri, adya, atha, aliyense akudikira kuti mnzake ndi amene apise m'thumba. Mphunzitsi ayambitse nkhani ya ndale kuti nthawi ipite, dalaivala anamizire kuti foni ikuitana, mkulu wa mpingo apemphere pemphero lalitali lothokoza chakudya choti chinatha kale, mwini chiwaya ali chilili ndi mbale m'manja. Episodi yoyamba yonse ingathere pomwepo, ndipo pofika kumapeto owonera adziwa kuti atatu onsewo alibe kanthu ngakhale palibe wanena.

Chovuta n'chakuti wolemba wathu amaopa chete. Akaona kuti papita mphindi ziwiri popanda wokuwa kapena wogwa pansi, amalowetsamo wamisala kapena mfiti.

Kabaza_Chimbiya:

Kkkkkk mkulu wa mpingo wa kandege ameneyo ndikumudziwa, ndimamunyamula Lamulungu lililonse. Bigi mukadzayamba kujambula mundiitane ndidzakhale dalaivala wa ku Joni uja, ndinakhalako ku Durban ndinabwera ndi jombo ndi chifuwa basi. Koma zoona zake ife a zaka za m'ma 30 tikuwaona madala athu mmene akuvutikira ndipo tikulowera komweko, ine anzanga onse ndi a pa siteji, njinga ikangowonongeka sabata imodzi palibe amakuimbira, ukabwerera amangoti aise unali kuti.

Phiri wa ku Mayani:

Ndawerenga zonse, mwana wanga ndi amene wandionetsa pa foni yake ndipo ndi iyeyo akundilembera. Ine ndadutsa msinkhu mukukambawo, nde ndinene zimene ndaona.

A Mkamwini yambirani pa chikamwini pomwepo. Kuno kwa ife Achewa mwamuna akakwatira amasamuka, amasiya mudzi umene anabadwira n'kukamanga kwa mkazi. Anzake amene anaweta nawo mbuzi, amene analowa nawo kudambwe, aliyense amamwazikira kumudzi kwa mkazi wake, wina ku Lobi, wina ku Thete, wina ku Linthipe. Kumene wapitako amuna amene wawapeza ndi alamu ake ndi atsibweni a mkazi wake, eni mbumba, anthu oti ukawauza kuti zinthu sizikuyenda m'nyumba ndiye kuti wadzitengera wekha mlandu ku bwalo. Otsala ndi akamwini anzako, ndipo akamwini mumagwirizana inde, pa ntchito ya kumanda, pofolera nyumba, koma aliyense amayenda mosamala chifukwa munda si wake, ana ndi a kuchikazi, tsiku lina akhoza kuuzidwa kuti nyamulani bulangete lanu. Mkazi amakalamba pakati pa azichemwali ake amene anabadwa nawo. Nde mayi Nachisale mukamati amayi amafunsana n'zoona, koma ambiri a inu simunachoke pakhomo pamene munabadwira. Masiku ano chitengwa chachuluka ndipo ena amagula malo awoawo pa tauni, komabe ntchito yabweretsa zomwezo, mphunzitsi amamutumiza uku ndi uku, mnzake wa pamtima n'kutsala boma lina.

Malo amene ine ndaonako abambo akuyankhula zoona ndi pa moto wa pasiwa. Osati madzulo anthu akadali ambiri kwaya ikuimba, ayi, koma cha m'ma 2 koloko usiku mu July kuzizira kwa ku Dedza kuno kutalowa m'mafupa, achinyamata atagona pa matumba, mwatsala anthu anayi kapena asanu mukusonkhezera chitsa. Pamenepo munthu amayamba ndi womwalirayo, kuti paja ankadandaula chakuti, kenako osadziwa walowa zake, kuti inenso mkodzo ukumavuta kutuluka, kapena mwana wanga wamkulu chaka chino chonse sakundiyankhula. Palibe amamuyang'ana kumaso, onse maso ali pa moto, wina amangoti zimachitika n'kuponyapo nkhuni, wina n'kunena kuti ku Nkhoma amaona zimenezo, pitani musachedwe. Kukacha tikapita kokumba manda ndi nthabwala zokhazokha za adzukulu, zotukwana zomwe, ndipo zimene zinakambidwa usiku palibe amazitchulanso. Ine vuto langa la chikhodzodzo ndinaliulula pa moto wotere, ndipo amene anandiperekeza ku chipatala ndi mkamwini mnzanga amene kwa zaka zambiri tinkangopatsana moni.

Choipa chake n'choti mpaka wina afe kaye kuti tipeze pokhala. Kale kunali bwalo, madzulo amuna kusonkhana uku akusoka mphasa kapena kusema mipini, nsima kubwera kuchokera m'nyumba zosiyanasiyana n'kudyera pamodzi, wosowa ndiwo osadziwika. Zinatha zimenezo, pano aliyense amadyera m'nyumba mwake chitseko chili chotseka.

Mkamwini_waBembeke:

Zikomo nonse, sindimayembekezera kuti muyankha motalika chonchi. A Phiri mwandigwira penipeni, ine kwathu ndi ku Mtakataka, ndinakwera kuno chifukwa cha banja ndi ntchito, ndipo mnzanga amene tinkagona mphasa imodzi tili anyamata ali ku Kasungu ku maesiteti a fodya, pano timangotumizirana timavidiyo toseketsa. A Ngozo sindikunyoza za pa bawo, kung'amba pepala la ngongole masiku ano si chinthu chaching'ono. Koma mayi Nachisale akunena zoona. Anthu aja mu sewero salira kwenikweni, amanyozana kuposa inu a pa Kampepuza, kusiyana kwake n'koti mmodzi akayamba kuzembazemba anzakewo samanamizira kuti sanaone, amamukakamira ndi mafunso mpaka akwiye.

Za kudzuka usiku zija mwandiopseza mayi, Lolemba ndipita kukayezetsa shuga, ndanena dala pagulu kuti ndisathawe. A Wazisudzo lembani episodi ya pa chiwaya ija, kusukulu kwathu kuli aphunzitsi awiri oti safunika n'kuphunzitsidwa komwe, amaisewera mwezi uliwonse pa 20.

Ngozo wa pa Kampepuza:

Mayi Nachisale mwandilasa ndithu, madzulo ano ndakhala pa bawo ndikuyang'ana malamba a anthu mpaka wa polisi uja wandifunsa ngati ndikufuna kumubera thalauza kkkk. Koma pa mfundo ya pachulu ija sindikusuntha, pali anthu oti ukawauza lero mawa Ntcheu yense wamva mpaka ku Biriwiri. Omkamwini Lolemba mutiuze zotsatira, mukapanda kulemba tikutumizirani Kabaza adzakunyamuleni, ndipo mafuta a Chimbiya mpaka Bembeke mulipira nokha.